Masewero a Nthano Patebulo: Yambani ndi Mpunga, Malupanga Pambuyo

Pali masewero ena amene safuna bwalo, mpira, magetsi kapena bandulo ya intaneti. Amangofuna tebulo, mapepala, mapensulo, madayisi ndi anthu anayi kapena asanu okonzeka kupeka nkhani limodzi. Mmodzi mwa iwo amakhala wotsogolera. Iyeyu amafotokoza dziko limene nkhaniyo ikuchitikira, nyengo yake ndi anthu okhalamo. Otsalawo aliyense amatenga mtengambali mmodzi, n'kumamulankhulira ndi kumusankhira zochita. Zikakhala zokayikitsa ngati chimene mtengambali akufuna kuchita chitheke kapena ayi, amaponya madayisi.

Pa nthano za kumudzi omvera amangovomera kuti "tili tonse," ndipo Kalulu amachita zimene wofotokoza wamukonzera. Patebulo pano omverawo ndiwo eni nkhani. Wotsogolera akanena kuti mlatho wakokoloka, iye mwini sadziwa ngati anzake asambire, abwerere kapena akabe bwato la eni ake usiku. Gulu likamakumana mlungu ndi mlungu kupitiriza nkhani yomweyo ndi atengambali omwewo, pa Chingerezi amati campaign. Ife tingoti ulendo, poti umatha kutenga semesita yonse kapena kupitirira apo.

Masewero oyamba kutchuka a mtundu umenewu ndi Dungeons & Dragons, amene Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa ku America mu 1974. Dziko lake linali lofanana ndi Ulaya wakale wa nyumba zamalinga ndi asilikali apakavalo. Posakhalitsa anthu anafunanso kusewera m'maiko opeka ofanana ndi Japan kapena China. Mu 1985 kampani ya TSR inatulutsa buku lotchedwa Oriental Adventures, ndipo mu 1997 kunabwera Legend of the Five Rings, masewero ochitikira m'dziko lopeka la Rokugan lomwe lili ndi mafuko akuluakulu 7. Wofuna kutsogolera ulendo wotere amakumana ndi funso limodzi asanagule n'komwe pensulo: kodi dziko lakelo alimange ndi chiyani?

Asia si mudzi umodzi

Taganizani mlendo atalemba nthano ya "dziko la Africa" n'kuikamo ankhondo a Chimasai, mapiramidi a ku Egypt, Gule Wamkulu ndi zishango za Chizulu, zonsezi m'mudzi umodzi, anthu ake akulankhula chinenero chosadziwika mutu wake. Tikhoza kuseka, mwinanso kukhumudwa. Umu ndi mmene anthu ambiri ochokera ku Asia amamvera akaona samurai wa ku Japan, mmonke wa ku China ndi kachisi wa ku Thailand atasakanizidwa mumphika umodzi. Ku Asia kumakhala anthu oposa theka la anthu onse a padziko lapansi, ndipo zinenero, zipembedzo ndi mbiri zawo n'zosiyana kutalitali. Buku lija la 1985 linadzudzulidwa kwambiri pa chifukwa chimenechi, moti mu 2020 kampani ya Wizards of the Coast inayamba kuika chenjezo pa mabuku ake akale loti ena mwa iwo ali ndi maganizo a tsankho. Mabuku atsopano, monga Tian Xia World Guide limene kampani ya Paizo inatulutsa mu 2024, amalembedwa ndi olemba ambiri a ku Asia kapena amene makolo awo anachokera kumeneko.

Kusakaniza kotereku kumawononganso masewero enieniwo. Dziko lopangidwa ndi zovala ndi zida zokhazokha limatopetsa pofika mlungu wachitatu, chifukwa osewera sapezamo choti ataye kapena choti ateteze. Njira yabwino ndi kusankha dziko limodzi ndi nthawi imodzi, kuphunzira mmene anthu ake ankapezera chakudya, amene ankawalamulira ndi zimene ankaopa, kenako n'kumanga dziko lopekalo pa maziko amenewo.

Nthawi ndi yofunika mofanana ndi malo. Mu 1581 munthu wina wochokera ku Africa, amene mbiri imamutchula kuti Yasuke, anafika ku Kyoto pamodzi ndi wansembe Alessandro Valignano n'kuyamba kutumikira mtsogoleri wankhondo Oda Nobunaga. Patangotha zaka 60, mu 1641, Azungu okhawo amene ankaloledwa kuchita malonda ku Japan anali Adatchi, ndipo anawatsekera pa kachilumba ka Dejima ku Nagasaki. Dziko ndi lomwelo, koma nkhani imene ingachitike mu nthawi yoyambayo singachitike mu yachiwiriyo.

Tsatirani mpunga

Tiyeni titenge chitsanzo cha Japan wa nyengo ya Edo, kuyambira mu 1603 mpaka mu 1868, pamene banja la Tokugawa linkalamulira. Mafilimu amationetsa malupanga, koma chimene chinkayendetsa dzikolo chinali mpunga. Chuma cha dera ankachiyeza ndi muyeso wotchedwa koku, womwe ndi malita pafupifupi 180, kapena tinene matumba atatu a makilogalamu 50. Ankati mpunga wochuluka chonchi ungadyetse munthu mmodzi chaka chonse. Kuti munthu atchedwe daimyo, kutanthauza mfumu yaikulu ya dera, dziko lake linkayenera kutulutsa makoku 10,000 kapena kuposa. Alimi ankapereka msonkho wa mpunga, m'madera ambiri magawo anayi kapena asanu pa magawo khumi alionse a zokolola. Asamurai ambiri sankalima ndipo analibe minda. Ankakhala m'tauni n'kumalandira malipiro owerengedwa mu mpunga.

Kuyambira mu 1635 lamulo linkakakamiza mafumuwa kukhala chaka china ku likulu la Edo, komwe lero ndi Tokyo, chaka china kwawo. Akazi awo ndi ana olowa ufumu ankatsala ku Edo ngati chikole. Maulendo amenewa, a anthu mazanamazana, komanso kusunga nyumba ziwiri, zinkadya chuma chambiri, choncho mafumu ankagulitsa mpunga wamsonkho ku Osaka ndi kukongola kwa amalonda. Amalondawo pamwambo anali anthu otsika, koma ndiwo anagwira thumba. Msewu waukulu wa Tokaido, wochokera ku Edo kupita ku Kyoto, unali ndi malo opumulirapo 53, ndipo pa chipata cha Hakone alonda ankafufuza makamaka zinthu ziwiri: mfuti zolowa ku Edo ndi akazi otuluka, poopa kuti mkazi wa mfumu ina angathawe.

Mukangodziwa izi, nkhani zimayamba kuphuka zokha. Samurai wa dzina lolemekezeka ali ndi ngongole kwa wogulitsa mpunga amene amamugwadira pamsewu. Nyakwawa ya mudzi yapanikizika pakati pa wokhometsa msonkho ndi abale ake anjala. Mabanja a m'mudzi anali m'magulu a nyumba zisanu zisanu, ndipo nyumba imodzi ikalephera msonkho kapena ikapalamula, zinayi zotsalazo zinkasenza nawo mlanduwo. Wotsogolera safunikanso kusaka chilombo choti osewera amenyane nacho mlungu uno. Dongosolo la dzikolo lili kale ndi mikangano yokwanira semesita yonse.

Mbiri imaperekanso mavuto akuluakulu oti n'kumangirapo ulendo wonse. Mu 1783 phiri la Asama linaphulika, nyengo inazizira, ndipo njala ya Tenmei inapha anthu ochuluka kumpoto kwa Japan. Madera ena anavutika kwambiri chifukwa mafumu awo anali atatumiza mpunga kumisika yakutali kuti apeze ndalama. Pa njala ina, mu 1837, Oshio Heihachiro, yemwe kale anali mkulu wa apolisi ku Osaka komanso mphunzitsi, anagulitsa mabuku ake n'kugawira osauka ndalamazo, kenako anatsogolera chipolowe chotsutsa akuluakulu a mzindawo ndi amalonda olemera. Chipolowecho chinathetsedwa tsiku lomwelo, koma moto umene unabuka unapsereza gawo lalikulu la mzinda, kuphatikizapo nyumba za osauka amene ankafuna kuwathandiza. Alimi nawo anali ndi njira yawo. Kukadandaula kwa olamulira apamwamba modumpha akuluakulu a dera kunali mlandu waukulu, choncho polemba kalata yadandaulo nthawi zina ankasayina maina awo mozungulira ngati bwalo, kuti pasaoneke amene anayamba.

Nachi chitsanzo cha ulendo womangidwa pa zimenezi. Dera lanu lopeka lili m'chigwa cha kumpoto, mvula yozizira yawononga mpunga zaka ziwiri zotsatizana, ndipo nkhokwe za mfumu zili ndi makoku 3,000 amene ayenera kunyamulidwa kupita kudoko pakatha masiku 40 kuti akabweze ngongole. Osewera ndi antchito a mfumuyo amene atumidwa kukaperekeza mpungawo. Msewu ukudutsa m'midzi yawo.

Amene sakufuna Japan angathe kuchita chimodzimodzi ndi dziko lina. Mu ufumu wa Joseon ku Korea mfumu inkatuma oyendera achinsinsi otchedwa amhaeng-eosa, amene ankavala ngati anthu wamba, atabisa chizindikiro chachitsulo chojambulidwa akavalo, kukafufuza akuluakulu a boma akatangale. Ku China wa mafumu a Ming ndi Qing munthu ankalowa ntchito ya boma polemba mayeso ovuta, amene anathetsedwa mu 1905, ndipo woweruza sankaloledwa kugwira ntchito m'chigawo chakwawo. Woweruza wachinyamata wofika kudera limene sadziwa chilankhulo chake, wodalira makalaliki amene akhalapo zaka makumi awiri, ndi poyambira pabwino kwambiri.

Atengambali okokedwa mbali ziwiri

Mtengambali wabwino amayamba ndi mafunso, manambala a mphamvu zake amabwera pambuyo. Olemba masewero a zisudzo ku Japan, monga Chikamatsu Monzaemon amene anamwalira mu 1725, ankakonda kumanga nkhani zawo pa mkangano wa giri ndi ninjo. Giri ndi udindo umene munthu ali nawo kwa mbuye wake, banja lake ndi amene anamuchitira zabwino. Ninjo ndi zimene mtima wake ukufuna. Buku la Legend of the Five Rings la mu 2018 limauza wosewera aliyense kuti alembe zinthu ziwirizi pa pepala la mtengambali wake, ndipo inu mungachite zomwezo ngakhale mulibe bukulo.

Funsani wosewera aliyense kuti mtengambali wake amatumikira ndani, amafunitsitsa chiyani, ndipo ndani angachite manyazi iye akalephera. Wina anganene kuti ndi mlembi wa nkhokwe amene mfumu inamulipirira maphunziro, koma mayi ake ali m'mudzi wachitatu pamsewu uja. Wina ndi mwana wamkazi wa wamalonda amene akuyembekezera mpungawo kudoko, ndipo ukapanda kufika banja lake ligwa. Mayankho amenewa muwasunge bwino, chifukwa ndiwo nkhuni za moto wanu. Mlungu uliwonse sankhani wosewera mmodzi n'kuika udindo wake ndi mtima wake pa mphambano.

Samalani ndi nkhani ya ulemu. Mabuku akale ankauwerengera ngati mapointi, ngati kuti anthu a ku Asia amabadwa ndi kauntala ya ulemu pamtima. Zimakoma kwambiri ulemu ukamaonekera m'zochita za anthu. Mtengambali akanyoza mkulu pagulu, mawa lake apeze kuti mwini nyumba ya alendo akuti malo adzaza, kalata yake yachedwa kusayinidwa, ndipo bwenzi la mchemwali wake labweza mawu.

Madayisi amagwira ntchito yanji?

Simufunika kugula mabuku odula. Dungeons & Dragons imagwiritsa ntchito dayisi ya mbali 20, koma masewero ena ambiri, kuphatikizapo Avatar Legends, amagwiritsa ntchito madayisi awiri wamba a mbali 6, omwe aja a ludo. Njira yake inatchuka ndi masewero a Apocalypse World a mu 2010. Wosewera amaponya madayisi awiri n'kuwonkhetsa. Akapeza 10 kapena kuposa, wachita zimene amafuna. Akapeza 7, 8 kapena 9, wachita koma pali mtengo wake. Akapeza 6 kapena kucheperapo, zinthu zaipa ndipo wotsogolera amanena mmene zaipira.

Madayisi awiri amagwa m'njira 36. Mwa njirazi, 6 zimapereka 10 kapena kuposa, 15 zimapereka 7 mpaka 9, ndipo 15 zimapereka 6 kapena kucheperapo. Mtengambali akakhala katswiri pa chinthucho mumamuwonjezera 1 kapena 2, ndipo mwayi wake umakwera. Onani kuti kupambana kwaulere n'kosowa. Kawirikawiri munthu amapeza chimene amafuna atataya kanthu kena, ndipo nkhani imakula pamenepo.

Tiyerekeze kuti gulu lafika pa chipata cha malire litabisa mayi wina amene wanyamula kalata yadandaulo ya alimi. Wotsogolera akuti, "Mlonda wagwira kalata yanu yaulendo, akuwerenga mitu yanu ndi chala. Kalata ikuti anthu anayi, inu mulipo asanu. Mutani?" Wosewera wina akuti, "Ndimuuza kuti mayiwa ndi azakhali anga, akupita kukachisi kukapempherera mwana wodwala." Waponya, wapeza 8. Wotsogolera akuti, "Wakulolani, koma walemba dzina lako ndi la bambo ako m'kaundula. Bodzali likadzaululika, adzayamba kufika kwanu." Palibe amene wasolola lupanga, koma tebulo lonse lili chete.

Musaponyetse madayisi pa chilichonse. Kutsegula chitseko chosakhoma sikufuna dayisi. Muziponya pokhapokha pamene kulephera kungasinthe nkhani.

Msonkhano woyamba

Musanayambe nkhani, khalani pansi tsiku limodzi kungokambirana. Gwirizanani tsiku, malo ndi kutalika kwa nthawi. Maola awiri kapena atatu pamlungu amakwana, ndipo ndi nzeru kunena kuyambira pachiyambi kuti ulendo udzatha pa msonkhano wa 8 kapena wa 10, mayeso asanayandikire. Maulendo ambiri amafa chifukwa chosowa tsiku lokumana, osati chifukwa cha nkhani yosakoma.

Kambirananinso zimene simukufuna patebulo. Nkhani ya njala, imfa za ana kapena kudzipha kwa samurai ingakhudze mnzanu m'njira imene simukuidziwa, poti ena mwa ife njala tinaionera pakhomo. Pali zinthu zimene gulu lingakane kotheratu, ndi zina zimene lingalole kutchula popanda kuzifotokoza mwatsatanetsatane. John Stavropoulos anayambitsa njira yosavuta yotchedwa X-Card: pakati pa tebulo pamakhala kapepala kolembedwa X, ndipo aliyense akakagwira, wotsogolera amasintha nkhani popanda kufunsa chifukwa.

Pasukulu ngati yathu mafunso awiri sangalephere kubwera. Loyamba ndi la madayisi: kodi si juga? Pano palibe ndalama kapena katundu amene amabetcheredwa, ndipo palibe amene amapambana anzake, chifukwa gulu lonse lili mbali imodzi. Lachiwiri ndi la matsenga ndi mizimu, zomwe zimapezeka m'mabuku ambiri a masewerowa. Nkhawa imeneyi si yachilendo. M'zaka za m'ma 1980 makolo ndi mipingo yambiri ku America anadandaula za Dungeons & Dragons, mpaka TSR inachotsa maina a ziwanda m'mabuku ake a mu 1989. Gulu lililonse lili ndi ufulu wosankha malinga ndi chikumbumtima cha anthu ake, ndipo mnzanu mmodzi akakhala womangika, ndi bwino kumumvera. Ulendo wa mpunga uja umayenda bwinobwino popanda matsenga alionse. Ofuna zodabwitsa pang'ono angabwereke nyama zochenjera za m'nthano za ku Japan, monga nkhandwe yotchedwa kitsune, imene imapusitsa anthu monga amachitira Kalulu. Kumbukiraninso kuti Chishinto ndi Chibuda ndi zipembedzo za anthu amoyo lero. Ngati m'dziko lanu muli kachisi, wansembe wake akhale munthu weniweni wokhala ndi nkhawa zake, monga kusowa mpunga wodyetsa othawa njala amene agona pakhonde pake.

Momwemonso pewani kuyerekeza kalankhulidwe ka anthu a ku Asia mowaseka. Phunzirani kutchula maina bwino, ndipo dziwani kuti ku Japan, ku China ndi ku Korea dzina la banja ndilo limayamba. Lembani maina khumi pa pepala musanayambe, kuti osewera akafunsa dzina la mpalasi wa bwato musagwire njakata.

Kuyendetsa ulendo mlungu ndi mlungu

Cholakwika chofala kwa otsogolera atsopano ndi kulemba nkhani yonse mpaka kumapeto, kenako n'kumakankhira osewera m'njira imene anakonza. Konzani anthu ndi mavuto, mathero muwasiye. Pa munthu aliyense wofunika lembani mizere itatu: akufuna chiyani, akuopa chiyani, ndipo achita chiyani osewera akapanda kulowererapo. Mkulu wa nkhokwe akufuna kubisa kuti makoku 200 anasowa kale. Wamalonda wa kudoko naye ali ndi ngongole kwa wina wamkulu kuposa iye. Nyakwawa ikusonkhanitsa maina mozungulira pa pepala usiku. Aliyense mwa anthuwa ali ndi chifukwa chomveka, ndipo n'chifukwa chake kusankha kumavuta.

Jambulani kalendala ya masiku 40 aja n'kuiika poonekera. Msonkhano uliwonse dulani masiku amene apita, ndipo dziko lisinthe ngakhale osewera atakhala osachita kanthu: mtengo wa mpunga ukwere, mudzi wina usamuke, chipale chofewa chitseke njira yachidule ya kuphiri. Gawani nthawi mofanana, chifukwa pagulu pamakhala wina wolankhula kwambiri ndi wina wofatsa. Wofatsayo muzimutchula dzina n'kumufunsa kuti mtengambali wake akuchita chiyani pamene anzake akukangana. Ndewu ikachitika ikhale yaifupi ndi yoopsa, ndipo wovulala akhalebe wovulala mlungu wotsatira. Pomaliza msonkhano lekezani pamene funso lili m'malere, monga pamene mthenga wafika ndi kalata yomata, kuti anthu achoke akufunitsitsa kubweranso.

Pofika msonkhano womaliza ngolo za mpunga zidzakhala zitafika penapake. Mwina zidzafika kudoko zili zodzaza, mfumu n'kupulumuka ku ngongole, midzi itatu n'kukhala mabwinja. Mwina osewera adzatsegula matumba pamsewu n'kudikira chilango, kapena adzanyamula kalata ya maina ozungulira ija mpaka kulikulu. Mwinanso adzapeza njira imene inu wotsogolera simunaiganizirepo, ndipo zikatero musawatsekereze. Ntchito yanu pa tsikulo ndi kufotokoza moona mtima zotsatira za zimene asankha, mudzi ndi mudzi, munthu ndi munthu, mpaka kwa mayi a mlembi uja m'mudzi wachitatu.